Mchira umene ndinamasula pa makina olimira

Mwezi wa June chaka chatha ndinagona pa mphasa masiku anayi, osatha ngakhale kuvala nsapato ndekha. Ankandiveka ndi mayi a kunyumba, ndipo nthawi iliyonse akawerama kuti andimange zingwe mawu anali omwewo: "Bambo, zaka zonsezi khasu silinakugonekenipo. Lero mwachita kugula chokugonekani, ndi ndalama za penshoni." Ine ndinkangowerenga mitengo ya kudenga. Ndikanayankha chiyani?

Dimba lathu lili m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe kuno ku Dedza, lopitirira pang'ono theka la ekala. Timalimamo tomato, anyezi, kabichi ndi mpiru, ndipo zambiri zimathera pamsika wa pa Chimbiya kapena m'magalimoto a mavenda ochokera ku Lilongwe. Chakumtunda dothi lake n'lofewa, koma chakumunsi ndi makande, aja akuda omwe mvula ikangosiya amauma gwa n'kuchita ming'alu yolowa dzanja. Kutipula mbali imeneyo ndi khasu kunkatitengera masabata awiri, aganyu atatu, ine wachinayi. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi mu 2021 ndinayamba kulemba m'kope ndalama iliyonse yopita ku ganyu, ndipo zimene ndinapeza sizinandisangalatse.

Choncho mlamu wanga wa ku Johannesburg atanditumizira chithunzi pa WhatsApp cha makina olimira oyendera petulo, aja munthu amawatsata pambuyo atagwira zogwirira ziwiri, sindinachedwe. Tinasonkherana, iye n'kukawapereka kwa anyamata onyamula katundu wa ku Joni. Anafika m'chibokosi, zitsulo zili padera padera. Pa injini analembapo 170F, umene ndi mtundu wake, ndi 7 HP, kutanthauza mphamvu ya mahatchi 7. Ndi injini za ku China zopangidwa potengera za Honda GX, zomwezi timaziona pa mapampu othirira ndi pa majenereta, moti makaniko aliyense wa patauni amazidziwa. M'bokosimo munalinso kabuku. Ine, munthu amene ndinakhala zaka 31 ndikukalipira ana kuti aziwerenga malangizo asanayankhe funso, ndinawerenga tsamba loyamba n'kukaponya m'kabati.

Tinamanga makinawo ine ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga amene amakhala nafe. Oyilo tinathira, mwamwayi, chifukwa makina otere amabwera ouma, mu injini ndi m'bokosi la magiya momwe. Chitsulo chimodzi chokha ndi chimene chinatizunguza: chopindika, chokhala ndi mabowo angapo, chomangidwa kumbuyo pakati pa miyendo ya woyendetsa ngati mchira. Titayesa pabwalo ndinaona kuti chikukanda pansi n'kumachedwetsa makina. Ndinati ichi n'cholepheretsa ntchito. Ndinachimasula, ndipo popeza chitsulo sichitayidwa pamudzi, chinakakhala chochirikizira chitseko cha khola la nkhuku.

Tsiku loyamba kudimba kunali ngati kuli msonkhano. Ana, amayi ochokera kotunga madzi, abambo a madimba oyandikana, onse anaima m'mbali. Ndinaliza injini, n'kuika giya, n'kufinya kilatchi. Makina anangoti jowi, n'kuyamba kuthamanga pamwamba pa makande ngati mwana wa ng'ombe amene wadula chingwe. Pamaso pa anthu onsewo sindikanalola kuti chitsulo chindipose. Ndinakhwimitsa manja, kupondetsa zidendene pansi, kuweramira kumbuyo, n'kumakoka. Makina akukokera kutsogolo, ine kumbuyo. Akagunda chibuma amadumphira kumanzere, ine n'kuwabweza ndi chiuno. Anthu anaomba m'manja. Madzulo ake mikono inali yolemera ngati ndinakhala ndikusenza njerwa, koma ndinkati ndi mmene zimakhalira ntchito ikagwirika.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa chimene ndinalakwitsa si ine ndekha. Munthu wokulira pa khasu thupi lake limadziwa chinthu chimodzi: dothi likalimba, onjezera mphamvu. Mlimi weniweni timamudziwira pa thukuta ndi pa zikhatho zokhakhala. Ndiye tikagwira makina, thupi limachita zimene linazolowera lisanafunse mutu. Koma makina amtunduwu alibe mateyala owayendetsa akakhala pa ntchito. Mano ozungulira aja ndiwo makasu, ndiwonso miyendo. Akapeza dothi lolimba lomwe sangathe kuluma, amangoyenda pamwamba pake. Kuti akumbe m'malo moyenda, pamafunika chinthu chowagwira kumbuyo. Amene anapanga makinawo anaika mchira kuti ugwire ntchito imeneyo. Ine ndinauchotsa n'kuikapo msana wanga wa zaka 58.

Ndinalimbana nawo chonchi masiku atatu. Msana sunathyokere pamzere ayi, unadikira pangalande. Pakati pa dimba lakumtunda ndi lakumunsi pali ngalande yothirira, yosakwana mita imodzi m'lifupi. Mphwanga anali atapita kuchigayo. M'malo modikira, ndinawerama miyendo ili chiwongokere, kugwira makina a makilogalamu pafupifupi 70, oposa thumba la fetereza, n'kuwanyamula kwinaku ndikupotokola chiuno kuti ndiwatsitsire tsidya. Ndinamva kuti tsi m'chiuno, ngati wina wandibaya ndi msomali wamoto. Ndinagwada m'matope momwemo. Kunyumba ndinapita pa ngolo imene inabweretsa makina, iwo kumbali, ine chagada.

Masiku anayi aja pa mphasa ndinkadzichiritsa ndekha ndi mapiritsi a pagolosale, bulufeni m'mawa ndisanadye kanthu, indosidi madzulo, mpaka m'mimba munayamba kutentha. Kuchipatala ndinachita kukakamizidwa. Adokotala, mnyamata wamsinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anandifunsa mafunso amene poyamba ndinachita nawo manyazi. Kodi mkodzo ukutuluka bwino, kapena ukungotuluka wokha? Nanga chimbudzi? Kodi pali dzanzi pakati pa miyendo, pamene munthu amakhalira pa njinga? Mwendo wafooka, phazi likukhwekhwereza? Nditakana zonse anati, "Mwapulumuka madala. Mukadzaona chimodzi mwa zimenezi musadzagone kunyumba, mudzabwere tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo ndiye kuti mitsempha yapanikizika." Kenako anandidzudzula pa ziwiri: kuphatikiza mankhwala amtundu umodzi m'mimba muli mbee, ndi kugona. Anati msana wovulala chonchi umachira msanga munthu akamayendayenda pang'onopang'ono, kugona masiku ambiri kumangouumitsa. Ananditumiza kwa a mafizo, aja ochiritsa thupi ndi masewera olimbitsa, omwe anandiphunzitsa kudzuka chammbali ndi kutola chinthu pansi mawondo atapindika. Patatha masabata 6 ndinayambanso kuyenda ngati munthu.

Nthawi yonseyi makina anali m'kachisakasa, ndipo ndinali nditatsimikiza zowagulitsa. Amene anandibweza ndi madala ena a kumpingo kwathu, omwe pa unyamata wawo ankayendetsa makina akuluakulu a dizilo m'masikimu a mpunga kunyanja. Anabwera kudzandizonda, n'kupempha kuti aone "chilombo chimene chaluma aphunzitsi". Anachizungulira kamodzi, n'kuloza bowo lopanda kanthu kumbuyo.

"Aphunzitsi, mchira uli kuti?"

Nditawalozera kukhola la nkhuku anaseka mpaka kutsokomola. Mayi a kunyumba, ali pakhonde akusankha nyemba, anangoponyako kuti safunsa anadya phula.

Madalawo sanalole kuti tipite kudimba tsiku lomwelo. Anati tiyambe tathirira mbali ya makande ndi pampu, tidikire masiku awiri. Pofika anatapa dothi, kulifinya m'manja, n'kulikhudza ndi chala. Linayoyoka. "Likamata ngati phala la mbiya, bwererani kunyumba, mano angomatirira. Likakana kuumbika, thirirani kaye. Apa ndiye pake." Kenako tinayenda m'munda monse kutola miyala, zikhomo za tomato wa chaka chatha, waya, ndi zitsa za chimanga. Ine ndinkaona ngati tikutaya nthawi. Iwo anati mwala umodzi wobisika ndi wokwanira kukuponyera chogwirira m'nthiti.

Atabwezera mchira, anayamba kusintha zogwirira. Zimakwera ndi kutsika, chinthu chimene sindinkadziwa n'komwe. Zanga zinali pansi kwambiri, moti masiku atatu aja ndinkayenda chowerama. Anazikweza kufika m'chiuno mwanga, kuti ndikaima chilili zigongono zikhale zopindika pang'ono. Ndiye anayamba kulima iwo, nkhalamba ya zaka zoposa 70, yowonda ngati bango. Ndinkayembekeza kuti makina awakoka n'kuwagwetsa. Ayi ndithu. Ankayenda pambuyo pake ngati akupita kutchalitchi, zala zitangokhudza zogwirira. Akafuna kuti mano alowe pansi, ankatsindikiza zogwirira pang'ono, mchira n'kuzika m'dothi, makina n'kuima pamodzimodzi akukumba. Akafuna kupita patsogolo ankapepuza manja. Makina akatitimira, ankawagwedezera uku ndi uku pang'ono, iwo n'kutuluka okha. Ulendo woyamba anangokanda pamwamba, masentimita 5 kapena 8. Wachiwiri anadutsa chopingasa, mozama. Ine ndinkafuna kufika pansi ulendo umodzi, monga timachitira ndi khasu kuti tisabwererenso.

"Akadumpha musalimbane nawo," anatero. "Siyani kilatchi. Dzanja likangotseguka, mano aima. Mukulimbana ndi mahatchi 7, inu muli ndi angati?"

Mawu a kilatchiwa ndawaona kulemera kwake pambuyo pake. Kufinya kachitsulo kameneka kwa nthawi yaitali kumatopetsa dzanja, ndipo ndaonapo anyamata olima maganyu ndi makina otere atakamanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti dzanja lipume. Atero achotsa chinthu chokhacho chimene chingaimitse mano munthu akaterereka. Ukagwa, makina amapitirira okha, ndipo sasankha kuti kutsogolo kuli kabichi kapena mwana. Dzanja likatopa ndiye kuti nthawi yopuma yakwana, basi.

Giya yobwerera m'mbuyo ndimaiopa kuposa zonse. Mano akamazungulira chobwerera, zogwirira zimafuna kunyamuka m'mwamba, ndipo chilombocho chimabwera kumapazi ako, iwe ukuyenda chafutambuyo osaona kumene ukuponda. Kumbuyo kukakhala mpanda, nthochi kapena gombe la mtsinje, ulibe kothawira. Ndimaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, moto nditatsitsiratu, nditayamba ndacheuka. Pokhota kumapeto kwa mzere ndimachepetsa moto, kusiya kilatchi, n'kuzungulira ndi mapazi. Kale ndinkaima pamodzimodzi n'kupotokola thupi lakumtunda ndi katundu yense uja, ndipo a mafizo anandiuza kuti kuwerama kophatikiza ndi kupotokola ndi kumene msana umadana nako kwambiri. Mbali yakumtunda yomwe ili yotsetsereka pang'ono ndimalima chopingasa, osati kukwera ndi kutsika, ndipo pafupi ndi gombe ndimasiyako malo oti khasu limalize.

Ngalande ija tsopano ili ndi matabwa awiri ochindikala. Makina timawaveka mateyala ake oyendera, n'kuwakankha kudutsa pamatabwapo. Matabwa omwewo ndiwo timakwezera pa ngolo, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Ndikakhala ndekha ndipo pakufunika kunyamula, makinawo amagona komweko mpaka munthu apezeke. Matabwa awiriwo mtengo wake sunafike ngakhale pa ndalama imene ndinalipira kabaza popita kwa a mafizo.

Chingwe cholizira chili ndi nkhani yakeyake, ndipo chimapweteka phewa mwakachetechete. Ine ndinkachikoka ngati ndikuzula chinangwa, mokoka mwadzidzidzi kuchokera poyambira penipeni, nthawi zina nditachikulunga kudzanja. Injini ikabweza, imakutsomphola chingwe mwamphamvu moti zala ndi phewa zimamva kwa sabata. Njira yake ndi yofatsa. Giya ikhale pa fulii. Miyendo itagwanula, dzanja lina ligwire chogwirira. Koka pang'onopang'ono mpaka umve kuti chingwe chalimba, pamenepo ndiye ukoke kamodzi mwachangu, chigongono chili pafupi ndi thupi, kenako uchiperekeze pobwerera osachitaya. Ikakana kanayi kapena kasanu, vuto si mphamvu zako. Yang'ana switchi, kampopi ka petulo, choku, pulagi, ndi oyilo, poti injini zambiri zamtunduwu zili ndi kachida kozikaniza kulira oyilo akachepa. Tsiku lina ndinakoka kopitirira ka 30, thukuta kamukamu, ndikutukwana mlamu wanga mumtima, kenako mphwanga n'kuwerama n'kutsegula kampopi ka petulo.

Injini yosamalidwa imalira msanga, ndiye kusamala injini n'kusamalanso phewa. Imalowa oyilo wokwana malita 0.6. Woyamba amachotsedwa pakatha maola 20. Buku la Honda limati kenako pa maola 100 alionse, koma ine ndi fumbi la kudimba kwathu ndimasintha pa 50, ndipo sefa ya mpweya ndimaiyang'ana m'mawa uliwonse. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhala miyezi m'kabuleta amasiya zomata zotseka timabowo. Mvula ikayamba, pomwe makina akukapuma, ndimatseka kampopi n'kuisiya injini ilire mpaka izime yokha, thanki n'kuikhuthula. Nthawi imene mafuta ankasowa ndinagulapo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Chimene chinali m'menemo akudziwa ndi mwini wake, koma kabuleta inakamasulidwa kawiri.

Za moto sindichulukitsa, aliyense amadziwa kuti petulo ndi petulo. Ndingonena zomwe ndimaona anthu akuchita. Thanki ili pamwamba pa injini, ekizozi ili pambali pake, ndiye kuthira mafuta injini ikulira kapena itangozima kumene n'kuitana tsoka, makamaka mu August ndi September pamene udzu wa m'mbali mwa dimba wauma. Ndimadikira mphindi zingapo, ndimathira ndi fanulo, zotayikira ndimapukuta, chigubu n'kukachiika patali pamthunzi ndisanalize. Petulo sasungidwa m'botolo la zakumwa pakhomo pamene pali ana, ndiponso sagona kukhitchini. Ekizozi imakhalabe yotentha nthawi yaitali injini itazima. Chipsera chili pamkono wanga wamanzere ndi umboni. Ndipo musalize makina m'nyumba kapena m'kachisakasa kotseka pofuna kuwayesa. Utsi wake uli ndi mpweya womwe uja wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira.

Tsiku limene ndinachita mantha enieni silinali la msana wanga. Kapinga, zingwe zomangira tomato ndi zidutswa za neti yakale imene wina anatchingira nazale zinakulungana pa chitsulo chozungulira mano. Mphwanga anasiya kilatchi, injini ikulirabe pang'onopang'ono, n'kugwada kuti azikoke ndi manja. Makina anapendekeka, chogwirira chinakatsamira pa mulu wa manyowa, kachitsulo ka kilatchi n'kufinyika pang'ono. Mano anangogwedezeka kamodzi, osakwana n'kuzungulira komwe. Chikhadabo cha chala chapakati chinachoka, ndipo chikhatho chinang'ambika. Akanazungulira kawiri sindikudziwa ndikanakanena chiyani kwa achemwali anga. Tinatsuka bala ndi madzi aukhondo ndi sopo, kulimanga, n'kuthamangira kuchipatala, komwe anamusoka n'kumubaya jakisoni wa kafumbata, poti tizilombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo bala lake linali lodzaza zonse ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo lamulo ndi limodzi ndipo silikambirana: dzanja lisanayandikire mano, injini izime, chipewa cha pulagi chizulidwe. Zokulunganazo timadula ndi zenga kapena mpeni.

"Malume, kuzimitsa kokha sikukwana?" anandifunsa atachira.

Ndinamuuza kuti mwina kukwana, koma kuzula chipewacho kumatenga nthawi yofanana ndi kukanda pamutu, ndipo kumamukumbutsa munthu chimene akufuna kuchita.

Pali kuvulala kwina kosatuluka magazi, komwe poyamba sindinkakuwerengera. Nditalima maola atatu osapuma, zala zinkachita dzanzi, njenjenje, moti madzulo cholembera chinkandipulumuka polemba m'kope langa la ndalama. M'mawa wa June kuno ku Dedza, manja atazizira, zinkanyanya. Kunjenjemera kwa makina kumalowa m'mitsempha ya m'manja, ndipo munthu akachita zimenezi zaka zambiri dzanzilo limatha kukhazikika osachokanso. Ukagwira mofinya kwambiri m'pamene kumalowa kwambiri, ndiye kugwira kopepuka kwa madala aja kumateteza zala pamodzi ndi msana. Magolovesi ndimavala kuti manja afunde ndi kupewa matuza, koma sindinganame kuti amathetsa kunjenjemera. Chimene chimathandiza ndi kupuma, ndi kumanga mabawuti omasuka, ndi kuwongola dzino lopindika, poti makina olekana mano amagwedezeka koposa. Ine muyeso wanga ndi mabedi awiri, pafupifupi theka la ola. Ndikatero ndimazimitsa, kumwa madzi kapena thobwa, kutambasula zala, kuika manja m'chiuno n'kuweramira kumbuyo pang'ono kangapo monga anandiphunzitsa a mafizo. Tikakhala awiri timasinthana. Thanki yodzaza imatha kulira maola angapo, ndipo poyamba ndinkapuma mafuta akatha, ngati kuti thanki ndiyo ikudziwa za msana wanga.

Makutu nawonso. Akatswiri a zachitetezo pantchito amaika malire a phokoso pa muyeso wa madesibelo 85 kwa munthu wogwira maola 8, koma ife tilibe choyezera. Changa n'chakuti ngati ndikuchita kukuwa kuti munthu amene waima pafupi andimve, phokosolo ndi lowononga. Usiku woyamba uja m'makutu munkalira ngati muli nkhululu. Timapira totsekera m'makutu timapezeka m'mashopu a zitsulo ndipo n'totchipa. Koma ukatseka makutu sumva mwana akubwera kumbuyo, choncho ana ndi agalu malire awo ndi nthochi za m'mphepete. Mano amathanso kuponya timiyala, ndiye magalasi oteteza maso ndi jombo sizisiyidwa. Patapata ndi wa kubafa.

Ndisaiwale alangizi. Mnyamata wa zaulimi wa dera lathu atandipeza ndikulima anagwira pakamwa, poti iwo akhala akutilalikira za mtayakhasu, kusiya kutembenuza dothi n'kumaphimbira ndi mapesi. Sindinakangane naye, chifukwa mbali ina akunena zoona ndipo ndaziona ndekha. Ukabwerezabwereza, dothi limasanduka ufa, ukathirira limachita chikhungwa pamwamba, ndipo pansi pamene mano amalekezera pamayamba kulimba. Choipitsitsa, pamene panali kapinga ndi dawe makina anadula mizu tizidutswatizidutswa n'kuimwaza bedi lonse, chilichonse n'kumera pachokha. Ndinabzala udzu ndi petulo wanga. Pano makina amalowa kamodzi pa nyengo, mbali ya makande ndi posakaniza manyowa. Kumunda wa chimanga sapitako, ndipo malo a kapinga timayamba tazula ndi khasu.

Chimene sindinkayembekeza ndi ichi. Mwezi wa May chaka chino ndinadwala malungo nthawi yokonza mabedi a anyezi, mphwanga ali kusukulu. Mayi a kunyumba anangoti, "Tandisonyezani pamene mumagwira paja." Ndinakana, ndinati n'zolemera, n'za amuna. Anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana wonama. Chimodzi chokha chimene ndinaumirira n'chakuti chitenje chisayandikire makinawo, chifukwa nsonga yake ikangokodwa m'mano kapena pa lamba, imakoka mwendo wonse. Anavala ovolosi yanga yakale, kupinda miyendo, mpango n'kuumanga mfundo yake kulowetsa mkati. Ndinakhala pa chitsa nditafunda bulangete n'kumaonerera.

Amalima bwino kuposa ine. Ndanena. Alibe zoti aonetse anthu, ndiye makina akadumpha amangotsegula dzanja n'kudikira, osachita manyazi. Sakoka, sakankha. Mizere yawo ndi yowongoka, ndipo akaweruka amakaphika ngati sanagwire kanthu. Ine mpaka lero, ndikamva mano agunda polimba, mapewa amadzikhwimitsa okha ndisanaganize, ndipo ndimachita kudziuza mokweza kuti tsegula dzanja, mphunzitsi iwe. Zaka 50 za khasu sizichoka m'thupi ndi nyengo ziwiri.

Anthu a madimba oyandikana ayamba kubwereka. Makina okha sindibwereketsa. Amapita ndi mmodzi wa ife atatu, mwini dimba n'kugula petulo ndi kuthirira masiku awiri tisanafike. Sabata yatha bambo wina wamphamvu zake, wosula njerwa, anapempha kuti angoyesako mzere umodzi. Asanafike pakati anaima, n'kuloza kumbuyo: "Aphunzitsi, kachitsulo aka kakuchedwetsa, bwanji tikachotse?" Mayi a kunyumba anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere. Chitseko cha khola la nkhuku pano timachirikiza ndi njerwa ziwiri.